Waya wa a Feloshipu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amalume anga, a Lenadi Mitawa, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Pamwalapo ana awo analembetsa dzina lonse, ndi udokotala wake patsogolo. Koma mwa anthu onse amene anadzaza kumandako sindinamve ndi mmodzi yemwe akutchula dzina limenelo. Aliyense ankangoti a Feloshipu. "Anali munthu a Feloshipu aja." "Eee, koma makani!" Ine dzina limeneli limandinyansa. Ndikalimva mtima umachita kuwira, chifukwa ndikudziwa chimene linatiwonongera.

Pomwe timabalalika, pamwamba pa phiri la Zomba panali patada bii. Amayi anga, amene ndi mlongo wawo wa malemuwo, anakweza maso n'kunena mokondwa kuti chaka chino tidzala msanga. Nyumba ya amayi ili m'tsinde mwenimweni mwa mtunda umene amalume anakalamba akunena kuti tsiku lina udzatsika ndi kukwirira zonse za m'munsi mwake. Amayi amagona momwemo mpaka lero, pamodzi ndi zidzukulu zawo ziwiri, ana a malemu achemwali anga.

Amalume ankaphunzitsa kuyunivesite m'tauni, za nthaka ndi miyala. Udokotala wawo sunali wa jakisoni, ngakhale azimayi ena kwathu kuno kwa Malemia sanasiye kuwabweretsera ana otentha thupi. Anali mwinimbumba wathu, ndipo udindowu ankautenga ngati ntchito yolembedwa. Lachisanu lililonse ankatsika minibasi pa Domasi, jekete paphewa, n'kuuyamba wapansi. A kabaza ankawadziwa, sankavutikanso n'kuwaitana. Iwo ankati munthu ali panjinga saona nthaka, ndipo ankayendadi maso ali pansi. Mukakumana nawo mumayamba ndinu kupereka moni, iwo n'kudzayankha mutadutsa kale. Akaona dothi lachilendo ankalitapa, kulifikisa ndi zala, kulinunkhiza, nthawi zina kulilawa kumene. Amayi ankati mlongo wawo anaphunzira mpaka kunja kuti adzadye dothi ngati mayi woyembekezera.

Chaka china mvula itangokata anapeza mng'alu m'nthaka, pamwamba pa minda ya amayi, pamene anthu a makala anali atamaliza mitengo. Poyamba unali wongolowa chala, koma wautali, wodutsa mtunda wonse chopingasa. Ife tinati ndi kuuma kwa nthaka basi. Iwo anapita kwa okonza njinga pa Domasi, kukagula waya wa mabuleki. Anakhoma zikhomo ziwiri zachitsulo, china kumtunda kwa mng'aluwo, china kumunsi, n'kumanga wayayo pakati momusiyira mpata. Kenako anandikokera ine kumeneko, poti ndine mphunzitsi wa pulayimale ndiye ankaganiza kuti ndimamva msanga.

"Elube, ukumuona wayayu mmene walendewera?"

"Ndikumuona, amalume."

"Akayamba kukungika, udziwe kuti mtunda wonsewu ukuyenda, ukutsetserekera kwa amayi ako. Akadzaduka, usadzati ndiyambe ndalongedza mbale. Udzangotenga anthu."

Ndinaseka, poti anali munthu wanthabwala ndipo nkhope yawo sinkasonyeza kuti apa akuseka, apa akunena zoona. Tsiku limenelo sanaseke nawo.

Iwo eni ankadziwa kuti waya wa njinga si umboni woti n'kusamutsira mudzi. Ankafuna makina oboola pansi, oti aone kuti thanthwe lili pati ndipo madzi akuyenda bwanji, ndi ena omvetsera nthaka ikamasuntha. Zimenezo kuntchito kwawo kunalibe. Wofufuza wa kuno akafuna kuchita kafukufuku weniweni amayenera kupempha thandizo kumabungwe, ambiri a kunja, amene amalengeza nthawi ndi nthawi kuti chaka chino tithandiza ofufuza za chakutichakuti, lembani mapulopozo ofotokoza chimene mukufuna kufufuza, tsiku lotsekera ndi lakuti. Moyo wa amalume unathera pamenepo. Ankalemba, kutumiza, kudikira, kukanidwa, n'kuyambanso.

Ankati thandizo la kafukufuku ndi kaunjika: suvala chimene ukufuna, umavala chimene chatuluka m'belo. Ndiye mng'alu wathu uja anauveka zovala zamitundumitundu, abale inu! Chaka chimene mabungwe ankafuna za amayi, analemba za azimayi otunga madzi pakasupe wa m'munsi mwa mtundawo. Chaka cha za njala analemba za minda imene idzakokoloke. Itabwera nkhani ya kusintha kwa nyengo anati apa ndiye ndapata, koma ayi ndithu, anawayankha kuti malowo ndi aang'ono kwambiri, mudzi umodzi wokha. Mayankho okana onse ankayamba ndi kuthokoza, moti amalume ankati akangoona zikomo pamzere woyamba ankadziwiratu kuti mbeta yakana. Ali achinyamata ankauzidwa kuti sanatsogolerepo kafukufuku wamkulu. Tsitsi litayera anapeza kuti zolengeza zambiri zikufuna ongoyamba kumene.

Chowawa n'chakuti luso lolemba anali nalo, ndipo pa anthu ena linkagwira ntchito. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, pakhonde pawo pankadzaza aphunzitsi achinyamata a kuyunivesite, wina wa zaulimi, wina wa zamalamulo, wina wa zilankhulo, aliyense laputopu ili pamiyendo. Amalume ankamvetsera maso atatsinzina ngati agona. Munthu akamaliza kuwerenga chingerezi chake chonse, iwo ankafunsa funso lawo limodzi lomwelo: chimene ukufufuzachi chikapanda kudziwika, avutike ndani, ndipo amagona kuti? Wolephera kuyankha ankabwezedwa asanamwe ndi thobwa lomwe. Ambiri mwa amene anapirira anapeza thandizo. Ena anapita kunja ndipo sanabwererenso, amangotumiza zithunzi atavala majasi.

Ndi anzawo amsinkhu wawo ndiye sankamwerana madzi. Ankawanena pamaso kuti amalemba pulopozo diso lili kuhotela, kuganizira za misonkhano m'malo mwa ntchito, ndipo anthu amenewo sanawakhululukire. A makala nawonso ankawathawa. Akawapeza pauvuni sankakalipa ayi, ankangokhala pachitsa n'kuwafunsa mofatsa kuti nyumba zawo zili mbali iti ya phiri, kuti adziwiretu kokayambira kufukula. Pakamwa pawo panali potero. Ankanena zoona, koma ankazinena moti munthu uzipita ukutukwana mumtima.

Tsono za dzina lija.

Kuti mumvetse amayi anga, muyambe mwamva za achemwali anga a Chifundo. Banja lathu ndi la mpingo wakale, wa nyimbo za m'buku ndi mapemphero a bata. Agogo athu aamuna anali mkulu wa mpingo. A Chifundo atadwala matenda aja ofuna kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, anzawo anawatengera ku feloshipu, timagulu tija topempherera m'makalasi a sukulu ndi m'mapiri, momwe mumapezeka aneneri oona zam'tsogolo. Sikuti onse ndi oipa ayi, ndili ndi anzanga abwinobwino amene amapitako. Koma mneneri amene anapeza achemwali anga anawauza kuti achiritsidwa, mabotolo a mankhwala akataye m'chimbudzi. Anakataya. Mvula yotsatira sanaione. Chichokereni apo, kutchula feloshipu pakhomo pa amayi kuli ngati kuwatukwana.

Amalume zimenezi ankazidziwa, ananyamula nawo bokosi. Koma kuyunivesite mawu omwewo amatanthauza zina. Kumeneko feloshipu ndi thandizo limene amapatsa wofufuza mmodzi kuti asiye kaye kuphunzitsa, alandire zipangizo ndi anthu ogwira naye ntchito, achite kafukufuku wake mtima uli m'malo. Anthu a kumeneko amalitchula m'mawa ndi madzulo osaganizako za mneneri. Ndipo tsiku lina, atakanidwa kwa zaka ndi zaka, amalume analipeza thandizo limenelo.

Ndinalipo. Linali Loweruka masana, amayi ndi azimayi anzawo a kumpingo ali pamkeka akutonola chimanga. Amalume anatulukira kunjira akuyenda mothamanga, jumbo ya zakumwa m'manja, ndipo asanafike n'komwe pabwalo anakuwa.

"Achemwali! Ndapeza feloshipu! Za kuphiri zija zitheka tsopano!"

Manja onse anaima.

"Mwati mwapeza chiyani, achimwene?" anafunsa amayi, mawu ali pansipansi.

Apa ndi pamene ndimawakwiyira amalume mpaka lero, ngakhale ali m'manda. Akanangoti pepani, ndi thandizo la kuntchito, nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu anali wokondwa, ndipo nthabwala inali matenda awo. Ataona nkhope za azimayiwo anaseka chikhakhali, n'kukweza dzanja kumwamba.

"Eya, feloshipu! Kubwera anthu ochokera kutali, tikakwera limodzi kuphiriko. Mudzaona zodabwitsa!"

Amayi anadzuka, kukutumula chitenje, n'kulowa m'nyumba. Zakumwa zija anamwa ndi ana.

Mawa lake nkhani inali itafika mpaka ku Mishoni, ndipo aliyense anali ndi umboni wake. Suja amakwera phiri m'mamawa okhaokha? Suja timawaona atagwada kumtundako, mutu uli pansi? Zoona ankagwada, nanga waya ali pansi akanamuyeza ataimirira? Suja amatsika mawondo ali matope okhaokha, n'kumalosera kuti phiri litigwera? Chilichonse chimene anachita zaka zonsezo chinasanduka chizindikiro. Ine ndinayesa kuwafotokozera amayi kuti ndi mawu achingerezi a matanthauzo awiri, kuti awa ndi a sukulu, si a mapemphero. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwenso akulembetsa?"

Chinamaliza zonse ndi malamulo a eni thandizowo. Masiku ano amafuna kuti ofufuza a maphunziro osiyana azigwirira pamodzi, wa miyala asayende yekha. Ndiye galimoto itabwera munali bambo wina wa makina, komanso mayi Kumwenda, ofufuza za chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu. Anali mayi aulemu, ogwada popereka moni. Koma ntchito yawo inali yofunsa okalamba za napolo, chinjoka chija amati chikamasamuka m'phiri chimakokolola midzi. Ankafunsa ngati makolo ankaona zizindikiro chisanatuluke, ngati alipo amene analotapo. M'buku ndi mafunso abwino, koma m'makutu a kwathu zinamveka zina. Tsiku lokaona mng'alu, mayi Kumwenda, pofuna kulemekeza mudzi wa anthu opemphera, anati tisanayambe ntchito tiyeni tipemphere kaye. Anaima mozungulira pamtunda paja, mitu ataweramitsa, poonekera mudzi wonse. Ine ndinali pamjigo, ndipo ndinangomva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Si izo! Ayamba."

Lamulo lina linali lakuti sangaboole pansi kapena kuika makina popanda mwini malo kuvomera. Kwathu kuno munda umayenda ndi akazi. Amalume anali mwinimbumba, otiweruzira milandu ndi kutiimira paukwati, koma mtunda uja ndi wa amayi, anawasiyira ndi anganga. Choncho tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa amayi, alendo pamipando, ife pamkeka, anthu ena ataima kuseri kwa mpanda ngati akungodutsa.

Tsiku limenelo amalume sanachite nthabwala. Anafotokoza mwa Chichewa chomveka bwino kuposa mmene ndinawamverapo. Anati dothi la pamtundapo lakhala pathanthwe lotsetsereka, mizu imene inkaligwira inapita ndi makala, ndipo madzi akalowa mumng'alu amakafewetsa pansi. Anati makinawo ndi ongoyeza basi, akasonyeza kuti palibe choopsa iwo adzakhala oyamba kuvina. Anapepesa chifukwa cha nthabwala ija. Ine ndinachita mantha, poti sindinawaonepo akupempha chinthu kwa munthu pamaso.

Amayi anadikira mpaka amalize.

"Achimwene, mwana wanga ndinamusambitsa ndi manja angawa. Anandiphera ndi anthu oona zam'tsogolo. Inu munalipo. Lero mwanditengera ena pakhomo panga pomwe?"

"Achemwali, ine sindinalote. Ndayeza."

"Mneneri ujanso sankati walota. Ankati waona."

"Ndikukupemphani, mlongo wanga. M'nyumbamu mumagona ana a Chifundo."

"Musawatchule! Anawo ndi amene ndikuwateteza. M'munda mwanga simubooledwa, simupemphereredwa. Ife tinabatizidwa kale."

Mayi Kumwenda anati ayese kulankhula, amayi anangowakwezera dzanja. Makina aja sanatsitsidwe n'komwe m'galimoto. Eni thandizo anachita chifundo mwa njira yawo, analola kuti kafukufukuyo akachitikire kuboma lina kumene anthu anavomera. Choncho amalume anatha nyengo yonse ya feloshipu yawo, yokhayo imene anaipeza pamoyo wawo, akuyeza phiri la eni ake. Ntchito inayenda bwino, anayamikiridwa, mpaka anaitanidwa kukalankhula kunja. Atabwerako sankafuna n'kuimva komwe.

Atapuma pantchito anabwera kudzakhala kumudzi, poti akazi awo anali atatsogola kale ndipo ana ali m'matauni. Anamanga nyumba kutsidya kwa mtsinje, kuchigwa, pafupi ndi madimba a mpunga, kutali ndi mtunda. M'nyumbamo anaikamo chipinda chapadera, cha bedi latsopano ndi mphasa za ana, n'kutumiza kiyi kwa amayi. Kiyiyo anabwerera madzulo ake omwewo, ali pamwamba pa mbale imene amayi anawatumiziramo futali.

Musaganize kuti anadana. Ayi. Palibe tsiku limene amalume anadya chophika munthu wina, ndipo amayi akangoti mutu, amalume ndi amene ankathamanga ndi mankhwala. Ankakhala pakhonde kukambirana za feteleza, za maukwati, za ife ana osamvera, kuseka mpaka misozi. Koma amalume akangoti mtunda uja, amayi ankayamba kuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi, osasiya mpaka nkhaniyo ife.

Chaka chija namondwe anagumula mapiri kumwera kuno n'kukwirira anthu m'maboma ena, ine ndinati basi, amayi amva tsopano. Kwathu nako kunagwa mvula yoopsa, mitsinje inasefukira, koma mtunda unaima. Kunja kutayera amayi anavala bulauzi yawo yoyera ya kumpingo, n'kuwoloka okha kupita kwa mlongo wawo. Ine ndinawatsatira.

"Achimwene, ulosi uja bwanji? Mapiri a eni agwa, lathu lilipo."

"Linda madzi apite, achemwali, ndiye uziti ndadala."

"Madzi apita kale."

"Sanapite. Ali m'kati."

Amayi anaseka, n'kuyamba kuwasesera pakhonde.

Pambuyo pa namondweyo, zolengeza za thandizo la ofufuza za kugumuka kwa mapiri zinatuluka ngati ngumbi. Amalume ankaziwerenga pafoni, magalasi ali pamphuno, imodzi ndi imodzi. Zonse zinkafuna munthu amene akadali pantchito payunivesite, ndipo iwo anali atapuma. Anaimbira achinyamata awo a pakhonde aja. Onse anayankha mwaulemu, ena anabwera ndi shuga kudzawaona, koma thandizo linali la kumene anthu afa kale. Mudzi umene sunakwiririke unalibe nkhani, ndipo ngakhale akanabwera, mwini munda anali yemwe uja. Ndi pamene amalume anayamba kunena kuti thandizo limadziwa njira ya kumaliro, koma ya kumatenda silinaiphunzire.

Anapitiriza kukwera, tsopano ndi ndodo. Ana a m'mudzi ankawakuwiza kuti, "A Feloshipu, mutipempherereko!" Iwo ankangokweza chipewa. Tsiku lina ndinawakalipira amalume kuti bwanji mukulola dzina loipali, anati dzina silipha munthu, Elube, chimene chiphe anthu chili kumtundaku. Ulendo womaliza umene tinakwera limodzi tinapuma kambirimbiri munjira. Titafika anagwada movutikira, n'kundiitana ndi dzanja. Waya uja, amene kale ankalendewera mpaka kukhudza udzu, anali atawongoka nga. Anamukodola ndi chala, ndipo analira ngati nsambo ya gitala. Kulira kumeneko sikunandichokebe m'makutu.

Anadwala miyezi ingapo, mtima, miyendo n'kutupa. Amayi ndi amene anawadwazika, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala. Koma ngakhale pamatendapo, dzuwa likapendeka ankamanga chitenje n'kuwoloka kubwerera kwawo, wogona ndinali ine. Chipinda chija sanachitsegule ngakhale kuti aikemo mtanga. Masana ena, atatsala pang'ono kutisiya, amalume anawagwira amayi dzanja.

"Achemwali, mvula ikadzayamba mudzagone muno. Osati chifukwa cha phiri ayi. Mudzangondisungira nyumba."

"Pumulani, achimwene. Musadzitopetse."

Pamaliro amayi ankauza aliyense wobwera kudzapepesa, mtima uli m'malo, kuti mlongo wawo anabwerera kumpingo asanatsirizike. Munthu amene sanajombepo Lamlungu! Munthu amene sanachokepo! Ndinatuluka m'nyumba ya siwa kuti ndisalankhule zoti ndidzanong'oneze bondo.

Dzinja lapitali mvula inali yochepa, ndipo nthawi zonse ndikakwera ndinkapeza waya ali chikungikire. Koma masabata apitawa zinthu zina zayamba kundisowetsa mtendere. Madzi a pakasupe afiira, pomwe mvula yeniyeni sinayambe. Amayi anaitana kalipentala kuti apale chitseko cha kutsogolo, akuti chayamba kukanika kutseka. Ndiye Lamlungu, mawa lake la chiliza, nditaweruka kutchalitchi ndinavula nsapato za tchalitchi n'kukwera kumtunda kuja.

Pamalo pamene ankagwada pakadali timaenje tiwiri ta mawondo, tayamba kumera udzu. Mwala umene ankaikapo chipewa ulipo. Zikhomo zonse ziwiri zilipo. Waya waduka pakati, nsonga zake zatambalala, ndipo podukapo pakuwala, palibe dzimbiri. Mng'alu umene unkalowa chala ndinalowetsamo mwendo mpaka m'bondo osagunda pansi. Ndinamasula chidutswa cha kumunsi, n'kutsika chothamanga.

Ndinapeza amayi pakhonde akusankha mbewu ya chimanga m'lichero.

"Amayi, waduka."

"Chiyani?"

"Waya wa amalume. Dzukani, itanani ana. Kiyi ndili naye."

Anamulandira wayayo, kumutembenuza, kumukoka uku ndi uku.

"Chitsulo chikakhalitsa pamvula chimaduka, Elube. N'chachilendo chimenecho?"

"Ndiye ndipatseni anawo okha, akagone kutsidya."

"Ana a Chifundo sachoka pamaso panga. Ndinataya mmodzi pomvera za anthu, sinditayanso."

Ndinagwada, ndinalira, ndinalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa mayi ake. Anandisiya mpaka nditope. Kenako anadzuka ndi waya uja m'manja, n'kupita kuseri. Nditawatsatira ndinapeza akumangira chitseko cha khola la nkhuku.

"Koma wachita bwino kumubweretsa," anatero. "Ngolimba ndithu. Chitsekochi chimandivuta."

Ndinawoloka ndekha kupita kunyumba ya amalume. Mpando wawo ukadali pakhonde, utayang'ana kuphiri monga anausiyira. Magambuti awo ali pakhomo, dothi lofiira litaumira m'mbali. Ndinatsegula chipinda chija. Matiresi akadali m'pulasitiki yake ya kusitolo, mphasa zili chipindire pakona, pakhoma pali msomali umene anakhomera kuti amayi azipachikapo bulauzi yawo yoyera. Ndinasesa, ndinang'amba pulasitikiyo, ndinayala bedi ndi mphasa, chitseko n'kuchisiya chosakhoma. Pawindo la chipindacho umaona denga la amayi, utsi ukukwera, mayunifomu a ana ali pachingwe, ndipo pamwamba pake pali mtunda uja ndi mtambo wakuda utautsamira.

Kuyambira tsiku limenelo ndikumakhala konkuno, ndikaweruka kusukulu ndimawoloka kukapemphanso. Masana ano pamalata payamba kugwa madontho akuluakulu. Bedi lija n'loyala. Palibe wabwera.